Kiyi, Buku ndi Ndalama Zisakhale M'dzanja Limodzi

Malonda a mbewu ndi a nyengo yochepa. M'maiko ambiri a chigawo chathu mbewu yochuluka imagulidwa pakati pa Okutobala ndi Disembala, kotero kuti ndalama zimene wogulitsa zipangizo zaulimi amaziyembekeza chaka chonse zimadutsa pa kauntala m'masabata owerengeka okha. Mvula yoyamba ikangogwa, sitolo imadzaza. Wogulitsa amalandira ndalama, kubweza chenji, kutsitsa mapaketi pa shelefu ndi kuyankha foni nthawi imodzi, ndipo za lisiti amati alemba madzulo. Pofika Febuluwale mashelefu ali mbee, katundu yense watuluka, koma ndalama zoti zibwezedwe ku kampani ya mbewu sizikukwana.

Zikatere mwini sitolo amayamba kuloza zala: mnyamata wa pa kauntala, mlonda, dalaivala amene adabweretsa katundu, pena ngakhale mkazi kapena mwamuna wake. Umboni alibe, pakuti munthu mmodzi yemweyo ndiye ankalandira katundu, kusunga kiyi, kugulitsa, kulemba m'buku ndi kukasiya ndalama ku banki. Palibe pepala lachiwiri loti n'kufananitsa ndi loyamba. Mwina padali kuba, mwina kudali kulakwitsa masamu chabe, koma njira yodziwira palibe. Chotsatira chake kampani imasiya kupereka mbewu pa ngongole, wantchito amachotsedwa ndi mbiri yoipa, ndipo mlimi wa m'deralo amasowa pogula mbewu yodalirika chaka chotsatira.

Akatswiri owerengera chuma ali ndi mfundo yakale yotsekera mpata wotere: ntchito zokhudza chuma zigawidwe, kuti pasakhale munthu woyamba nkhani ya ndalama ndi kuimaliza yekha popanda diso lina. Ambiri amaganiza kuti mfundoyi ndi ya mabanki ndi makampani a antchito mazanamazana. Komatu sitolo ya anthu atatu ndi gulu la alimi makumi awiri ndiwo amaifuna kwambiri, chifukwa iwo akataya phindu la nyengo imodzi sadzukanso.

Phunziro lili kale m'munda mwathu

Ife a ntchito ya mbewu mfundoyi timaidziwa kale, kungoti timaisiya kumunda. Mlimi wochulukitsa mbewu sayendera munda wake yekha n'kudzipatsa chiphaso. Amabwera woyendera wovomerezeka kudzaona ngati mundawo watalikirana mokwanira ndi minda ina ya mbewu yamtundu womwewo, ngati zomera zosafanana ndi zinzake zazulidwa, komanso, pa chimanga cha haibulidi, ngati ngayaye za m'mizere yaikazi zachotsedwa zisanayambe kutulutsa mungu. Mbewu ikakololedwa, wina amatapa pang'ono m'matumba motsatira malamulo, ndipo oyeza kameredwe ndi chinyezi amakhala ena, a ku labotale. Ku Malawi kuyezaku kumachitikira ku Chitedze, ku Zambia ndi udindo wa Seed Control and Certification Institute ku Chilanga. Chikalata cha pa thumba chimabwera pomalizira, onsewa atagwirizana.

Palibe mlimi wanzeru amene amakwiya kuti woyendera minda akumuyesa wakuba. Amadziwa kuti kuyenderako ndiko kumapatsa mbewu yake mtengo woposa wa chimanga cha pamsika. Amadziwanso kuti munthu angathe kusiya ngayaye zingapo mosadziwa, ndipo diso lachiwiri limapulumutsa munda wonse. Chodabwitsa n'chakuti mbewu yomweyo, itadutsa m'manja mwa anthu asanu oiyang'anira, ikafika m'sitolo n'kusanduka ndalama, timaisiya m'dzanja limodzi.

Ntchito zinayi zosayenera kukumana

Pa malonda alionse pali ntchito zinayi. Yoyamba ndi kuvomereza: ndani akulamula kuti tigule, tilipire, titsitse mtengo kapena tikongoze? Yachiwiri ndi kusunga: ndani ali ndi kiyi wa mosungira katundu, kabati ya ndalama, buku la macheke ndi nambala yachinsinsi ya pafoni? Yachitatu ndi kulemba: ndani akulowetsa m'buku zimene zalowa ndi zimene zatuluka? Yachinayi ndi kufananitsa: ndani akuwerenga katundu ndi ndalama zenizeni n'kuona ngati zikugwirizana ndi zolembedwa?

Ngozi yaikulu imabwera pamene kusunga ndi kulemba zakumana mwa munthu mmodzi. Wosunga yekha angathe kutenga, koma buku lidzamuulula. Wolemba yekha angathe kunama, koma sapindula kanthu chifukwa katundu sali m'manja mwake. Amene ali ndi zonse ziwiri amatenga n'kufufuta phazi. Kukumana kwa kuvomereza ndi kusunga nakonso n'koopsa, pakuti munthu amadzilamula yekha kulipira amene wamufuna. Ndipo wofananitsa asakhale mmodzi wa awiri aja, chifukwa palibe amene amadzigwira yekha.

Kalembedwe ka mabuku a malonda kamene Luca Pacioli adakafotokoza m'buku losindikizidwa ku Venice m'chaka cha 1494 kali ndi nzeru yofananayo: ndalama iliyonse ilembedwe mbali ziwiri, kumene yachokera ndi kumene yapita, kuti cholakwa chionekere pamene mbalizo zasiyana. Kugawa ntchito kumangowonjezera kuti mbali ziwirizo zisachokere m'cholembera chimodzi.

Zimene zidagwetsa akuluakulu

Banki ya Barings ya ku London idakhazikitsidwa m'chaka cha 1762, ndipo idagwa mu Febuluwale 1995. Wantchito wake ku Singapore, Nick Leeson, adapatsidwa maudindo awiri: kuchita malonda a pamsika wa zachuma, ndi kuyang'anira ofesi yolemba ndi kutsimikiza malonda omwewo. Zimene ankaluza ankazibisa mu akaunti ya nambala 88888, uku ku likulu akuoneka ngati katswiri wobweretsa phindu. Pamene zimadziwika, dzenje lidali litafika mapaundi 827 miliyoni, ndipo banki ya zaka zoposa 230 idagulitsidwa kwa ING pa mtengo wa paundi imodzi.

Nkhani yoyandikira kwambiri kukula kwa mabungwe athu ndi ya Dixon, tauni ya anthu pafupifupi 16,000 m'chigawo cha Illinois ku America. Rita Crundwell adali msungichuma wa khonsolo ya tauniyo komanso woyang'anira mabuku ake. Adatsegula akaunti yachinsinsi yokhala ndi dzina looneka ngati la khonsolo, ndipo m'zaka zoposa 20 adapatutsa madola oposa 53 miliyoni, misewu ikuwonongeka, khonsolo ikudandaula kuti ilibe ndalama. Mabuku ankaunikidwa chaka ndi chaka, koma chinyengocho sichidaoneke. Chidaululika mu 2011 iye ali pa tchuthi, pamene wantchito wina amene adagwirizira ntchito yake adapempha banki kuti itumize masitetimenti a maakaunti onse. Adamangidwa mu 2012. Chimene chidamugwira ndi chinthu chosafuna ndalama iliyonse: munthu wina adatsegula kalata ya ku banki.

Kwathu kuno sitingaiwale nkhani ya Cashgate, imene idaphulika ku Lilongwe mu Seputembala 2013. Ndalama za boma la Malawi zinkalipidwa kwa makampani amene sadapereke katundu kapena kugwira ntchito iliyonse, kenako zolembedwa zake n'kufufutidwa mu kompyuta za IFMIS. Kafukufuku wa kampani ya Baker Tilly adapeza kuti zoposa K13 biliyoni zidasowa pakati pa Epulo ndi Seputembala chaka chimenecho, ndipo maiko othandiza Malawi adaimitsa thandizo lawo la ku bajeti. Nkhaniyi ili ndi maphunziro awiri. Kompyuta siteteza chuma ngati wolowetsa malipiro angathenso kuwafufuta. Komanso anthu angapo akapangana, kugawa ntchito pakokha sikukwanira; pamafunika wina wa kunja kwa mpanganowo woti aziona zinthu ndi maso ake.

"Koma ndi munthu wokhulupirika"

Awa ndiwo mawu amene amatseka nkhaniyi m'masitolo ambiri. Yankho lake n'lakuti munthu amene simumukhulupirira simungamupatse kiyi, choncho amene angakubereni mwa njira imeneyi ndi yekhayo amene mumamukhulupirira. Katswiri wa ku America wofufuza za umbanda, Donald Cressey, adacheza ndi akaidi amene adaba ndalama zimene adasungitsidwa, ndipo adasindikiza zimene adapeza mu 1953. Kuchokera pa ntchito yakeyo, akatswiri amatchula zinthu zitatu zimene zimakumana kuti munthu wabwinobwino agwe: vuto la ndalama limene akuchita manyazi kuuza ena, mpata wotengera osaonedwa, ndi chifukwa chodzikhululukira mumtima, monga kunena kuti "ndangobwereka, ndibweza pa mapeto a mwezi."

Vuto la ndalama silisowa, ndipo limakula pa nthawi yomwe sitolo ili ndi ndalama zambiri: fizi ya ana, matenda, maliro, feteleza wa munda wake womwe. Za mumtima mwa munthu simungazilamule. Chimene chili m'manja mwa mwini bizinesi ndi mpata wokha. Kusiya mamiliyoni osawerengedwa pamaso pa wachinyamata wa malipiro ochepa, mwana wake ali m'chipatala, ndi kumutchera msampha.

Bungwe la Association of Certified Fraud Examiners limatulutsa lipoti la chinyengo cha pantchito zaka ziwiri zilizonse. Mu lipoti la 2024 akatswiri ake adayerekeza kuti mabungwe amataya pafupifupi 5 peresenti ya ndalama zimene amapeza pa chaka chifukwa cha chinyengo, ndipo mwa milandu imene adaiunika, chinyengo chinkatha pafupifupi miyezi 12 chisanadziwike. Milandu 43 mwa 100 iliyonse idadziwika chifukwa wina adatsina khutu. Kwa wogulitsa mbewu, amene phindu lake pa paketi ndi lochepa kale, 5 peresenti ingathe kudya gawo lalikulu la thukuta la chaka. Ndipo miyezi 12 ndi nyengo yathunthu ya malonda.

Sitolo ya anthu awiri kapena atatu

Wina adzati: ntchito zinayi ndizigawa bwanji pamene tilipo awiri? Amayi a banki mkhonde adayankha kale funsoli. M'ndondomeko ya magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama kumudzi, imene bungwe la CARE lidayambitsa ku Niger mu 1991, bokosi limakhala ndi maloko atatu. Makiyi amasunga anthu atatu osiyana, bokosilo amasunga wina wopanda kiyi, mlembi amalemba, owerenga ndalama amawerenga mokweza pamaso pa gulu lonse. Alibe kompyuta, alibe wowerengera chuma wa digiri, koma palibe amene angatsegule bokosi yekha.

M'sitolo ya anthu atatu, mmodzi akhale wa katundu, wina wa ndalama, mwini wake akhale wovomereza ndi wofananitsa. Wogula amalipira pa kauntala n'kulandira lisiti, ndipo wa katundu satulutsa paketi popanda kuona lisitilo ndi kulichonga. Madzulo wa katundu amanena mapaketi amene atuluka, wa ndalama amanena zimene zalowa, ndipo manambala awiriwo ayenera kukumana.

M'sitolo ya anthu awiri, wantchito angathe kugulitsa ndi kulandira ndalama, koma mwini asunge ntchito izi osazipereka kwa wina aliyense: kuitanitsa katundu, kulipira makampani, kusintha mitengo, kuvomereza ngongole, kusunga mabuku a malisiti amene sanayambe kugwiritsidwa ntchito, ndi kulandira yekha sitetimenti ya ku banki. Malisiti akhale a manambala osindikizidwa kale, okhala ndi kope lotsala m'buku. Lisiti lolakwika lisang'ambidwe. Lilembedwe kuti lathetsedwa ndipo likhale momwemo, chifukwa nambala yodumphidwa ndi funso lofunika yankho. Amene ali ndi makina otulutsa malisiti a msonkho awagwiritse ntchito pa malonda alionse, popeza makinawo ndi mboni ina yaulere.

Ndalama za tsiku zipite ku banki zonse monga zalowera. Zogulira mafuta a njinga yamoto, chakudya cha aganyu ndi zina zing'onozing'ono zichokere m'kathumba kapadera kokhala ndi mlingo wodziwika, kamene kamadzazidwanso pokhapokha malisiti a zimene zagulidwa aonetsedwa. Chizolowezi chotapa m'kabati ya malonda ndicho chimasokoneza masamu kufikira poti wolungama ndi wakuba sasiyananso. Pomaliza, wantchito aliyense azipita ku tchuthi, wina n'kugwira ntchito yake. Wantchito amene safuna kuchoka pa kauntala ngakhale tsiku limodzi angakhale wakhama, koma nkhani ya ku Dixon ikutikumbutsa kuti mabuku ake aonedwe ndithu.

Mapaketi sanama

Ubwino wa malonda athu ndi wakuti katundu amawerengeka. Mtundu uliwonse wa mbewu, pa kukula kulikonse kwa paketi, ukhale ndi khadi lake losonyeza zolowa, zotuluka, zotsala ndi nambala ya loti. Galimoto ikafika, wowerenga katundu akhale wosiyana ndi amene adaitanitsa, ndipo awerenge asanasaine kalata yobwera ndi katunduyo. Musanalipire, ikani pamodzi mapepala atatu: zimene mudaitanitsa, zimene mudalandira ndi invoisi ya kampani. Zikasiyana, funsani ndalama zisanatuluke.

Tiyerekeze kuti Lolemba m'mawa muli ndi mapaketi 200 a chimanga a makilogalamu 2. Lachitatu mwalandira ena 500. Malisiti a sabatayo akusonyeza kuti mwagulitsa 560. Loweruka madzulo pa shelefu payenera kukhala 140. Mukawerenga n'kupeza 128, ndiye kuti 12 asowa. Tikayerekeza kuti paketi ndi K15,000, zimenezo ndi K180,000 pa sabata imodzi, pa mtundu umodzi wa mbewu. Zikapitirira masabata khumi a nyengo ya malonda zimakwana K1.8 miliyoni. Mukazipeza Loweruka loyamba, anthu amakumbukirabe kuti katoni ina idapita kwa mlimi wakutiwakuti popanda lisiti, ndipo nkhani imathera pomwepo. Mukazipeza mu Febuluwale, madzi akatayika saoleka.

Kuwerengaku kuzichitika sabata iliyonse m'nyengo ya malonda, ndipo nthawi zina modzidzimutsa. Makatoni a pansi pa mulu atsegulidwe. Mapaketi ong'ambika, odyedwa ndi makoswe kapena onyowa asatayidwe ndi munthu mmodzi. Aonedwe ndi awiri, alembedwe, asainidwe. Mbewu yotsala ya chaka chatha ikhale payokha, ndipo isabwerere pa shelefu isanayezedwenso kameredwe. Ngati mbewu ndi ya kampani imene yakupatsani kuti mulipire mukagulitsa, ndalama zake zipite ku kampaniyo monga mwa mgwirizano. Kugulira feteleza ndi ndalama zimenezo ndi kudya mbewu ya mwini.

Pali chifukwa china choposa ndalama. Pakhomo pamene mbewu yabwino imatulukira osalembedwa ndi pomwenso mbewu yachinyengo imalowera. Wantchito amene angathe kugulitsa popanda lisiti angathenso kubweretsa mapaketi a chimanga chopaka utoto n'kugulitsa pa kauntala yanu, m'dzina lanu. Mlimi akadzabwera ndi dandaulo loti mbewu sidamere, lisiti lokhala ndi nambala ya loti ndilo lidzasonyeze ngati paketiyo idachokeradi ku kampani. Popanda zimenezo chiphaso chanu cha malonda ndicho chili pa moto.

Ndalama za pafoni, ngongole ndi mitengo

Airtel Money, Mpamba, MoMo, M-Pesa ndi EcoCash zachepetsa ngozi yoyenda ndi ndalama m'thumba, koma zabweretsa mipata yake. Ngati alimi amatumiza ndalama pa nambala ya wantchito, ndalama za sitolo zasakanikirana ndi zake. Sitolo ikhale ndi nambala yamalonda yolembetsedwa m'dzina la bizinesi. Wogulitsa aziona kuti ndalama zalowa, koma mphamvu yotulutsa ikhale ndi mwini. Katundu asatuluke chifukwa wogula waonetsa uthenga pa foni yake, popeza mauthenga otere amapekedwa; chotsimikiza ndi ndalama zimene zaoneka mu akaunti yanu. Lisiti lililonse lisonyeze ngati malipiro adali a pamanja kapena a pafoni, kuti madzulo mbali zonse zifanane. Mukalandira uthenga woti kampani ya mbewu yasintha akaunti yolipirako, imbani pa nambala imene mumaidziwa kale musanatumize tambala.

Ngongole ndi dzenje lina. Wantchito angathe kugulitsa pa kashi n'kulemba kuti ndi ngongole ya mlimi amene kulibe, kapena kulandira zobweza osalemba. Ngongole ivomerezedwe ndi mwini yekha, wokongola asaine, ndipo mwezi uliwonse mwiniyo aziimbira ena mwa okongola kuwafunsa zimene atsala nazo.

Mitengo nayo imafuna diso. Kwacha ya Malawi itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nyengo yogulitsa mbewu ili pakati, mitengo ya katundu idasintha mofulumira. Nthawi zotere n'kosavuta kugulitsa pa mtengo watsopano n'kulemba wakale. Mitengo ilembedwe poonekera, ndi tsiku limene yayamba kugwira ntchito ndi saini ya mwini, ndipo pakhomo pakhale chikwangwani chouza wogula kuti alandire lisiti, pamodzi ndi nambala ya mwini sitolo. Mukatero mlimi aliyense wasanduka woyendera wanu. Amene amagulitsa kudzera m'ndondomeko za boma za zipangizo zotsika mtengo asunge kaundula wapadera wa malonda amenewo, chifukwa malipiro ake amachedwa ndipo amafuna umboni.

Kwa alimi ochulukitsa mbewu

M'magulu ndi m'makopaletivi, chuma chimadutsa pa zipata zitatu. Choyamba ndi pogawa mbewu yoyambira ndi zipangizo za ngongole. Mndandanda wa olandira uwerengedwe pa msonkhano, aliyense asaine yekha pa zimene walandira, ndipo kuchuluka kwa mbewu kufanane ndi kukula kwa munda umene walembetsedwa kuti uyenderedwe. Dzina la mlimi wopanda munda limaonekera pomwepo.

Chachiwiri ndi pa sikelo. Woyeza akhale wina, wolemba wina, mwini mbewu aone singano ndi maso ake ndipo apite kunyumba ndi kapepala kosonyeza makilogalamu, chinyezi ndi nambala ya munda. Sikelo iyesedwe ndi cholemera chodziwika m'mawa uliwonse. Zokolola zimene mlimi wabweretsa ziyerekezedwe ndi zimene woyendera minda adaona kuti zingatuluke. Zikachepa kwambiri, mwina zina zagulitsidwa kwa mavenda. Zikachuluka kwambiri, mwina mwalowa mtedza kapena soya wa kumsika, ndipo thumba limodzi lotere lingakanitse loti yonse ya gulu.

Chachitatu ndi pa malipiro. Akaunti ya gulu ikhale ya osainira atatu, awiri mwa iwo asaine pa kutulutsa kulikonse, ndipo asakhale a banja limodzi. Chizolowezi chosainiratu cheke chopanda kanthu, poti wapampando akupita ku maliro kutali, chimasandutsa masaini awiri kukhala imodzi. Msungichuma asakhale wolemba mabuku, ndipo sitetimenti ya ku banki iwerengedwe pa msonkhano ndi membala amene si wosainira. Kampani ikalipira, ndi bwino kuti ndalama zipite mwachindunji mu akaunti kapena pa foni ya mlimi aliyense, ndipo mndandanda wa makilogalamu, mtengo ndi zodulidwa upachikidwe poyera. Komiti yoyang'anira, yosankhidwa ndi mamembala ndipo yosiyana ndi komiti yoyendetsa gulu, ikhale ndi ufulu wotsegula buku lililonse tsiku lililonse. Mutu umodzi susenza denga, ndipo msungichuma wolungama amagona tulo tabwino pamene ena aona kuti zonse zili m'malo.

Makampani nafenso tili ndi gawo lathu. Mlangizi wa kumunda amene amalemba alimi, kugawa mbewu yoyambira, kuyerekeza zokolola ndi kunyamula malipiro wasenzetsedwa ntchito zonse zinayi. Zimene timapempha kwa ogulitsa ndi alimi ziyambire m'maofesi mwathu.

Chibale ndi mwini bizinesi

Masitolo ambiri amayendetsedwa ndi banja, ndipo n'kovuta kuuza mlamu kapena mwana wa achemwali kuti tiwerenge ndalama. Njira yake ndi kuika lamulo munthu asanayambe ntchito, ndi kulinena kuti ndi la sitolo, lokhudza aliyense. Chibale ndi fupa, sichiola, koma mabanja ambiri aleka kulankhulana chifukwa cha ndalama zimene palibe adazilemba. Kuwerenga pamodzi madzulo, ndi kusaina onse awiri, kumateteza ubalewo.

Amene amaswa lamulo kawirikawiri ndi mwini yemwe. Amatapa m'kabati popita ku msika, amapatsa mnzake thumba la feteleza kuti adzalipira, osalemba paliponse. Wantchito akaona zimenezi amaphunzira kuti buku ndi lokongoletsera, komanso amapeza pobisala, pakuti chilichonse chosowa chidzatchedwa kuti adatenga ndi bwana. Mwini adziikire malipiro a pamwezi, ndipo chilichonse chimene watenga asainire ngati wina aliyense.

Mukapeza kuti china chasowa

Musathamangire kukalipa kapena kutchula munthu kuti wakuba. Werengani kachiwiri pamaso pa wosunga katundu. Sungani mabuku, malisiti ndi mauthenga a pafoni pamalo otetezeka. Mupatseni munthuyo mpata wofotokoza pali mboni, ndipo zokambiranazo zilembedwe. Kawirikawiri mudzapeza lisiti loiwalika kapena katoni yoikidwa pa mtundu wina. Ngati ndi kuba ndithu, tsatirani malamulo a ntchito a dziko lanu pochotsa munthu kapena podula malipiro, chifukwa kuchita mwaukali kungakusandutseni woimbidwa mlandu. Kenako dzifunseni kuti mpata udali pati, n'kuutseka, apo ayi wolowa m'malo mwake adzaupeza uli chitsegukire.

Nthawi yokonza zonsezi ndi ino, katundu asanafike. Tengani pepala, lembani maina a onse ogwira ntchito m'sitolo kapena m'gulu lanu, ndipo pambali pa dzina lililonse lembani zimene munthuyo amavomereza, amasunga, amalemba ndi kufananitsa. Paliponse pamene dzina limodzi laoneka pa kusunga ndi pa kulemba, sunthani ntchito imodzi, kapena ikanipo diso lachiwiri la sabata ndi sabata. Mtengo wake ndi mabuku angapo a malisiti, makadi a katundu, loko wachiwiri ndi theka la ola madzulo alionse. Wogulitsa amene angaonetse makadi ndi masitetimenti ogwirizana ndiye amene kampani ya mbewu imamupatsa katundu wambiri pa ngongole, ndipo banki nayo imamumvera akapita kukapempha mpamba wokulitsira sitolo.